Mtedza Wowawa wa a Mavuto

A Mavuto Chimphamba sankataya chakudya. Njere ikagwa pansi, munthu wamkuluyo ankagwada n'kuitola. Anachokera ku Kasungu kudzacheka mitengo ya labala ku esiteti, ndipo nyumba yawo kuno ku Mpamba inayang'anizana ndi yanga. Njala ya 2002 anaiona ndi maso: anadya zitsa za nthochi, mlongo wawo n'kumuika m'manda. Ndiye ukawauza zotaya chakudya, ankakuyang'ana ngati wawatukwana.

Kondowole wathu anamukaniratu, ati amamata kukhosi. Iwo n'chimanga ndi mtedza basi, ngati kwawo. Ine ndinawauza, "Ada, kuno si ku Kasungu. Mvula yakuno imafika mpaka Juni, mtedzawo muumitsa ndi chiyani?"

Anaseka. "Inu Atonga zanu n'nsomba, mayi. Zakumunda tisiyireni."

Chabwino, tinawasiyira.

Akayanika mtedza pabwalo, mvula iyo! Kuuthamangitsira m'nyumba, mawa kuutulutsa, mkuja kuulowetsanso, mapeto ake kuuthira m'matumba usanaume. Pofuna kusenda ankauwazanso madzi kuti makoko afewe, ati kwawo amatero kuti zala zisapweteke. Aa! Madzi pamwamba pa madzi. Ukalowa m'nyumba mwawo, fungo la chuku ndilo linkayamba kukupatsa moni.

Akasenda ankasankha. Wabwino unkapita m'lichero, wa akazi awo a Nancy ndi mwana wawo Chawezi, amene dzinalo ndinamupatsa ndine. Wofota, wakuda, wokhala ndi kaufa kobiriwira, ankauika m'kambale kawokawo, n'kukazinga, n'kumatafuna nkhope itakwinyika.

"Wowawawu ngwanga," ankatero. "Mwana adye wabwino."

Kunena zoona, ndinkawasirira a Nancy. Amuna angawa angachite zimenezo? Mnofu wa chambo amayamba ndi iwo.

Zaka zinapita ndithu. Kenako bambo aja anayamba kuwonda, maso n'kusanduka achikasu, mimba yokha n'kumakula ngati ya mayi woyembekezera. Chakudya chinawakanika. Anthu anayamba zawo zija, ati awalodza anzawo a ku esiteti. Zimandinyansa bwanji! Munthu akufota, inu muli pa mtondo kutchula maina.

Atawagoneka kuchipatala, a Nancy anapita kukawadikirira. Chawezi anamusiya kwa ine, pamodzi ndi chitini cha ufa wa phala lake, wosakaniza kale ndi nsinjiro. Kamwanako kakang'ono msinkhu, kosakonda kudya, koma phala limenelo ndinkaonetsetsa kuti kamwa.

Tsiku lomwe ndinapita kukawazonda, ndinapeza adokotala ali pabedi pawo. Anati chiwindi chawonongeka kwambiri, ndipo anafunsa zomwe bamboyo ankadya. Atamva za kambale kaja anapukusa mutu. Anati chuku cha mtedza ndi chimanga chimasiya poizoni, ndipo poizoniyo safa ndi moto, kaya mukazinge, kaya muphike. Amangodya munthu pang'onopang'ono, ndipo ana ndiye sachedwa nawo.

A Mavuto anatseka maso, n'kupumira m'mwamba. "Bola ndinkadya ndekha," anatero. "Mwana wanga sanalaweko."

A Nancy anaimirira. Anatuluka, ine n'kuwatsatira. Ndinawapeza atakhala pansi pakhonde, chitenje chili kukamwa.

"Amake Yewo," anandiitana motsitsa mawu, "chiyambire kudwala, kambale kaja kankangodzadza, iwo osadya. Kutaya ndinkaopa, mukuwadziwa. Ndiye mtedzawo ndinkausinja."

"Kuusinja n'kupita nawo kuti?"

"M'phala la Chawezi. Chiyambire Pasaka."

Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

"Chonde musawauze," anandigwira mkono. "Asapite akudziwa."

Sindinawauze. Ndinathamangira minibasi osatsanzika n'komwe. M'mawa womwewo mwanayo anali atalikana phala, akuti likuwawa, ndipo ine ndinamukalipira mpaka anamaliza mbale yonse.