Bongo wanga unandiulula

Ndisanalowe kukachitidwa opaleshoni ya m'mimba, dokotala wogonetsa odwala anandifunsa kuti, "Bambo, mumamwa mowa?"

Akazi anga anali pompo. Ine mkulu wa mpingo ku Manjawira, ndikanayankha chiyani? "Ayi, ndinasiya nditangobwerako ku Joni," ndinatero, chikhalirecho kachasu ndinkamwa tsiku lililonse kuseri kwa khola.

Anandimata kalamba kakang'ono ka mawaya pachipumi, akuti kaziwaonetsa pamakina ngati bongo wagonadi.

Nditatsitsimuka, dokotala uja anafika pabedi, akazi anga ali pambali.

"Bambo, mukanadzuka mpeni uli m'mimba. Makina anatichenjeza kuti bongo wanu ukukana kugona, ndiye tinawonjezera mankhwala msanga. Zimenezi timaziona kwa anthu omwa kwambiri."

Manyazi anabwera mochedwa, mkwiyo ndiwo unatsogola. Bongo wangawanga kundigulitsa ine ndili chikomokere! Ndinayang'ana akazi anga kuti andiikire kumbuyo.

"Si makina okha ayi, abambo," anatero. "Mutangolowa ndinathamangira namwino n'kumuuza zoona. Ndimafuna mutulukemo amoyo."

Ndinatembenukira kukhoma, ndipo sabata yonse sindinawalankhule, ine wabodzane. Mpaka lero zikomo amandikakamira pakhosi.