Penti Idikire

Atate, lero kuno ku Kapata kwabwera anyamata ogula zitsulo zakale, maso ali pa chigalimoto chanu chija cha masilinda eyiti, chokhala pa njerwa. Ndakumbukira Lamulungu lina titachokera ku Misa. Musanavule n'komwe jekete, munadonthezera oyilo m'mabowo a mapulagi, n'kundipatsa sipanala kuti ndipukuse injini. Ine ndinadandaula kuti anthu akutiseka, bwanji osayamba ndi penti? Munati, "Penti idikire, mwananga. Masipeya tizitola pang'onopang'ono kwa amakaniko. Bola injini isachite dzimbiri m'kati, tidzapita nacho ku Mtenguleni kukaonera mwambo wa Ncwala."

Patha chaka chichokereni inu m'dziko lino, ndipo sindikudziwa ngati ndidzakwanitse. Koma anyamata aja ndawabweza, n'kukatenga sipanala ija. Atate, injini yanu ikuzungulirabe.