Mayi Esinati ndi Mbale ya Mgonero

Aliyense wokwera kombi, minibasi ya kuno, pa siteji ya Machipisa m'mawa amawadziwa Mayi Esinati, ngakhale asadziwe dzina lawo. Ndi aja a ndowa yoyera yodzaza masikono, okhala pafupi ndi pomwe makondakitala amakuwira okwera. Anabadwira pa famu ya fodya, kwa makolo amene anadumpha malire kuchokera ku Dedza, koma nkhani ya pafamu saikonda. Mukaiyamba, amakufunsani ngati mukugula kapena mwabwera kudzacheza.

Kufamuko anakulira chigumu, chija cha ufa wa mgaiwa ndi nthochi zakupsa. Buledi ankamuona pa Khirisimasi. Choncho atakwatiwa ndi Bambo Fackson, mlonda wa fakitale ina ku Msasa, n'kulowa m'nyumba ya ku Highfield, analumbira kuti ana awo adzakulira tirigu. M'mawa tiyi ndi buledi, masana sikono, mlendo akabwera buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri. Tsiku lina mayi wina atabweretsa chigumu pa msonkhano wa amayi a Mvano kutchalitchi, Mayi Esinati anachiyang'ana, n'kumufunsa mokoma mtima ngati kunyumba kuli bwino.

Kenaka thupi linawatembenukira. Anayamba kutopa osagwira ntchito, kumva kuzizira mu Okutobala anthu akudzikupiza ndi makatoni, tsitsi kutsalira m'chipeso. Kuchipatala anati chithokomiro, kachiwalo kaja ka pakhosi, chafooka, ndipo anawapatsa piritsi la m'mawa uliwonse. Anamwa mokhulupirika, koma silinagwire. Anawawonjezera mphamvu ya mankhwala, zinangokhala ngati kutunga madzi ndi dengu. Pamwamba pa izo mimba inkafufuma ndi kutsegula, magazi n'kumachepa.

Mwana wawo Fadzai, woluka tsitsi mu saluni ku Waterfalls, ndiye anawakokera kwa dokotala wina. Atawayeza magazi ndi kuwasuzumira m'matumbo ndi kapaipi, dokotalayo anawakhazika pansi.

"Mayi, matenda ndi awiri, koma ndi apachibale," anatero. "Chitetezo cha thupi lanu chasokonekera. Chikumenya chithokomiro, ndipo mukadya tirigu chimamenyanso matumbo. Awa a m'matumbo amatchedwa siliyaki, ndipo si zachilendo kupezeka pamodzi ndi a chithokomiro. Matumbo ovulala sayamwa bwino piritsi lija, n'chifukwa chake silikugwira. Tirigu mumusiye moyo wanu wonse. Ngakhale kanyenyeswa."

M'kombi pobwerera, Mayi Esinati anamukoka Fadzai mkono. "Iwe, ukauza munthu ndidzakukana pagulu. Wogulitsa masikono osadya masikono ake? Anthu adzati ndimathiramo chiyani?"

"Mhamha, ndi matenda awa, simunabe kanthu," Fadzai anawayankha mayi akewo, koma chinsinsicho anachisunga monga anauzidwa.

Anasiya tirigu mobisa, ndipo pang'onopang'ono mphamvu zinabwerera. Kamodzi kokha analawa sikono kuti amve shuga, ndipo tsiku limenelo ndowa inakhala yokha, eni ake ali paulendo wa kuchimbudzi. Sanayesenso.

Chimene sanachiganizire ndi Lamulungu la Mgonero. Mumpingo mwawo munthu wobatizidwa saidutsitsa mbale ya mkate ngati akudutsitsa mchere. Woidutsitsa ndiye kuti ali ndi tchimo losalapa, kapena wasungira mnzake mangawa. Ndipo akhristu amatsinzina popemphera, inde, koma pa Mgonero diso limodzi limakhala pantchito. Mbale itafika, Mayi Esinati anayang'ana timabuledi todula bwinoto, n'kuipereka kwa Mayi Dolly amene anakhala pambali pawo. Mayi Dolly anatsala pang'ono kuigwetsa.

Sabata imeneyo pakhomo pawo sipanazizire. Mayi Dolly anabweza chiwaya chowotchera chimene anabwereka paukwati wa mwana yemwe tsopano ali ndi ana akeake. Woyandikana nawo nyumba anadzapepesa za nkhuku imene Mayi Esinati ankaganiza kuti inadyedwa ndi galu. Bambo Fackson anayamba kubwera molunjika kuchokera kuntchito, mpaka kugwira tsache.

"Mayi a Fadzai, kodi pali chimene mwamva?" anafunsa akusesa pamalo posesa kale.

"Ndimve chiyani, bambo?"

"Ayi, palibe. Ndimangofunsa."

Mayi Esinati anaisunga nkhaniyo kuti adzaifunse bwino tsiku lina. Kunena zoona, sabata imeneyo inawakomera.

Kukomako kunatha pamene Bambo Lawson, mkulu wa mpingo, anafika atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Anakana tiyi, chizindikiro choti zinthu zavuta. "Mayi, mpingo wonse wagwedezeka," anatero. "Mgonero ukubwerawu mukaidutsitsanso mbale, bulauzi yoyera ya Mvano muyambe mwaipinda mpaka akulu atamva mlandu wanu."

Apa Mayi Esinati anachita mantha enieni. Bulauzi imeneyo anaivala asanabereke Fadzai, ndipo anali atauza kale ana kuti tsiku lawo lomaliza adzawaveke yomweyo. Kudya mkate kunali kudwala, kuukana kunali kuvulidwa. Anaona kuti bola masikono awole m'ndowa.

"Bambo, tchimo loposa a masiku onse ndilibe," anatero atazolika. "Ndi tirigu. Amandidwalitsa." Anafotokoza zonse, za khosi, za matumbo, za piritsi.

Bambo Lawson anamvetsera, nkhope ikugwa pang'onopang'ono. Munthu anali atavalira jekete padzuwa lonse lija kuti amve chinthu chachikulu. "Basi? Mimba?" anafunsa, ndipo kenaka analandira tiyi uja.

Akulu a mpingo anaikambirana nkhaniyo mpaka kukhosi kuuma. Ena anati Buku likunena mkate, ndipo mkate ndi wa tirigu. Ena anati mukalola uyu, mawa wa shuga adzafuna chikho chake, wa mano adzafuna phala. Pomaliza mkulu wina wokalamba, amene aliyense ankaganiza kuti wagona, anakumbutsa kuti kumafamu, lole ikapanda kubwera ndi buledi, Mgonero ankadyera chigumu, ndipo sanamvepo kuti kumwamba kunadandaula. Onse anayang'ana pansi, pakuti ambiri a iwo anali atachidyapo ndipo ankayesa kuti anzawo sakudziwa. Anagamula kuti Mayi Esinati aphike chigumu chawo chopanda fulawa, chidzayende pa kambale kakekake.

Zaka zonsezi Mayi Esinati ankauza anthu kuti chigumu sadziwa kaphikidwe kake. Loweruka lija anatseka chitseko, anatsuka chiwaya chobwezedwa chija mpaka kuwala, anakanya nthochi mu mgaiwa, n'kuthira soda ndi zala zitatu osayeza. Manja sanafunse munthu.

Lamulungu, mbale yaikulu inayenda monga mwa masiku onse. Pambuyo pake panabwera Bambo Lawson, atanyamula kambale ndi manja awiri, kudutsa pakati pa tchalitchi chonse, pamwamba pake pali kachidutswa kofiirira ka chakudya chimene Mayi Esinati anachithawa moyo wawo wonse. Analandira atavala bulauzi yawo yoyera. Atangoika mkamwa, anamva utsi wa nkhuni za pafamu, n'kuona mayi awo akunyema chigumu chotentha m'bandakucha asanapite kukathyola fodya, gawo lalikulu kupatsa mwana wawo Esinati. Mayiwo anamwalirira pafamu pomwepo, osalawako sikono la mwana wawo ngakhale limodzi. Mayi Esinati analira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa.

Mayi Dolly anawayang'ana ndi diso lija la pantchito, n'kutsamira kwa mnzawo wa kumanzere.

"Mwaona, anzanga?" ananong'oneza. "Ndinanena ine. Tchimo linalipo."