Kalata ya Amake Shalom Inabwezedwa

Ndiyambe ndi kupepesa. Sindine mlembi, ndipo kupatula malipoti a kuntchito, aka n'koyamba kulemba chinthu choti anthu ena awerenge. Eni nkhaniyi andilola, koma ngati pena ndaphonya tsiku kapena mwezi, cholakwacho n'changa, osati chawo.

A Kenan Kachingwe asamuka katatu m'zaka zitatu. Ntchito yawo ndi yosamalira okalamba, kudzera ku kampani yomwe imawatumiza kulikonse kumene antchito achepa, miyezi itatu uku, miyezi isanu uko. Anayambira ku South Bend, kenako Lawrence, kenako Beech Grove kumene mwininyumba anagulitsa nyumba iwo ali momwemo, ndipo pano ali m'kanyumba ka zipinda ziwiri kufupi ndi msewu wa Lafayette Road mumzinda wa Indianapolis, umene timangoutcha Indy. Ndi munthu wofatsa, woyenda mowerama pang'ono chifukwa cha zaka zonyamula odwala. Makatoni sataya. Amawapinda n'kuwaika kuseri kwa sofa.

Atakhala nzika ya dziko lino, anayamba kufaila mapepala oti akazi awo, omwe anabwera ngati wophunzira, akhale mokhazikika. Mayiwa kutchalitchi timawatcha Mayi Kachingwe, ndipo amene tinazolowerana nawo timati amake Shalom, potengera mwana wawo wamkazi. Amagwira ntchito mu labu ya chipatala, ndipo chilolezo chawo chogwirira ntchito chimadalira mapepala omwewo.

Mafomu amafunsa keyala ziwiri: kumene ukukhala, ndi kumene makalata azikupeza. Yoyambayo a Kenan ankaisintha mokhulupirika masiku khumi asanathe akangosamuka. Komabe kalata yokadinda zala inapita kunyumba yakale ku Lawrence, ndipo anaipeza chifukwa chogogoda pakhomo la mlendo n'kupempha. Tsiku limenelo anatopa nazo, n'kuchita zomwe timachita kwathu. Kumudzi kwawo ku Ntcheu, mudzi wonse unkalandirira makalata ku bokosi la sukulu ya pulayimale, ahedi n'kumagawa. Ahedi athu kuno ndi Mayi Chrissie Msowoya, nesi wopuma, amene akhala nyumba imodzi ku South Bend zaka makumi awiri. Keyala yawo ili pa mapepala a Amalawi ambiri ndithu.

"Kuzibwera makalata a amake Shalom, mayi," anatero a Kenan pa foni.

"Musadere nkhawa, mwana wanga. Pano sipasowa kanthu."

Kuyambira pamenepo, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, a Kenan ankayendetsa galimoto maola awiri ndi theka kupita, enanso kubwerera, kukaona ngati kalata yowaitanira ku intaviyu yafika. Anayenda chonchi miyezi khumi. Nthawi zina ankachokera ku shifiti, maso ali psuu, n'kukagona kaye mphindi makumi awiri pamalo omwetsera mafuta ku Kokomo.

Loweruka lina m'mwezi wa Malichi anafika cha m'ma 11 m'mawa, chipale chofewa chikusungunuka m'mbali mwa msewu. Mayi Msowoya anatulutsa makatoni a nsapato momwe amasanjamo makalata, a banja lililonse omangidwa ndi labala.

"Mwaonda, bambo a Shalom. Ku Indy kulibe chakudya?"

"Chilipo, mayi. Nthawi yodyera ndi imene kulibe."

"Mumangosamuka ngati njuchi. Tsiku lina mudzaiwala nyumba yomwe mwasiyako mkazi. Nazi zanu, zotsatsa malonda zokhazokha."

A Kenan anathokoza, namwa tiyi, n'kutsazika. Akuvala nsapato pakhomo, anaona envelopu yoyera pakashelufu, yoikidwa payokha. Panali palembedwa ndi cholembera chofiira, m'Chingerezi, kuti munthuyu sakhala pano. Anawerenga dzinalo kawiri.

"Mayi, iyi ikupita kuti?"

"Ikubwerera kwa eni ake. Upile Matola ine sindimudziwa. N'kachiwiri tsopano, ina inabwera Khirisimasi isanafike, ndinaibweza. Anthu ena amangotola keyala ya munthu osapempha n'komwe."

"Ndi amake Shalom."

"Mwati ndani?"

"Upile Matola ndi amake Shalom, mayi. Ndi dzina la pa pasipoti. Titakwatirana sitinasinthe, tinkaopa kusokoneza mapepala."

Mayi Msowoya anagwira chitseko, kenako anakhala pansi pa sitepe.

"Zaka zinayi ndikudyera naye mbale imodzi. Mwana wake ndinamusambitsa ndine atangotuluka m'chipatala. Nanga inu osandiuza bwanji?"

A Kenan sanabise dala. Kungoti kutchula dzina la mkazi wako pamaso pa munthu wamkulu kumalemera pakamwa, ndipo iwo eni, chibadwire Shalom, anali asanalitchulepo ngakhale kuchipinda. Pa fomu analilemba mosamala, chilembo ndi chilembo. Kuti mawu akuti amake Shalom sadzaoneka pa envelopu, zimenezo sizinawadutse m'mutu.

Anaitsegula ali chiimire, ngakhale sinali yawo. Inkanena kuti mayiwo sanafike ku intaviyu mu Januwale, choncho pempho lawo latengedwa ngati analisiya okha. Panali masiku owerengeka oti adandaule, ndipo ena anali atapita kale.

Sanaimbe foni panjira. Anafika masana, napeza akazi awo akusita yunifolomu ya Lolemba. Anawapatsa kalatayo n'kufotokoza zonse, osadzichepetsera mlandu. A Upile anazimitsa simbi, n'kuwerenga mpaka kumunsi.

"Ndiye miyezi khumi mwakhala mukutha matayala kukatenga mapepala otsatsa pitsa."

"Ndi choncho."

"Amayi aja ali bwanji?"

"Ndawasiya akulira."

"Muwaimbire, asadwale nazo. Bipi yawo mukuidziwa." Anapinda kalatayo. "Tanditchulani."

"Amake..."

"Ayi. Dzinalo."

A Kenan anayang'ana pansi ngati mwana wa sukulu. "Upile."

"Basi. Sililuma."

Lolemba anajomba kuntchito onse awiri n'kupita kwa loya. Mayi Msowoya analemba kalata yosainira kufotokoza zomwe anachita ndi cholembera chawo chofiira, ndipo anaumirira kubwera nayo okha ku Indianapolis pa basi, ngakhale mawondo amawavuta. Loyayo anaapila nthawi isanathe, kupempha kuti nkhaniyo ionedwenso. Sanalonjeze kanthu. Pamene ndikulemba izi yankho silinabwere, a Upile akugwirabe ntchito koma sakudziwa kuti mpaka liti, ndipo kampani yauza a Kenan kuti mu Julayi kukufunika munthu ku Lawrence.

Nkhaniyi nditaimva ndinatsegula foni yanga. Amayi a kutchalitchi kwathu ndinawasunga makumi awiri ndi atatu: amake uje, mayi abusa, Mayi Akutiakuti. Amene ndikudziwa mayina awo a pa pasipoti ndi asanu okha, ndipo a Upile, omwe ndimaimba nawo kwaya, sanali pa asanuwo. Inenso pakhomo panga pamafikira makalata a mabanja awiri. Kufunsa mayi wamkulu dzina lake lobadwa nalo kumandichititsa manyazi, ndipo ndikudziwa kuti ena adzati ndayamba Chizungu. Komabe Lamlungu lino ndifunsa mabanja awiriwo mayina onse monga alembedwera pa mapepala awo, ndiwalembe ndi zilembo zazikulu, ndiwamate mkati mwa bokosi langa la makalata. Ndipo kalata ya dzina lachilendo sindidzaibweza ndisanafunse anthu athu kuti ndi ya ndani.