Botolo pa Nyimbo Iliyonse

Achimwene, lero mdzukulu wanga wabwera ndi gitala, ndiye ndakumbuka inu. M'ma 1950 muja munabwerera kuchokera kumigodi muli ndi suti ndi njinga yatsopano, dzina lanu likumveka pa wayilesi. Paukwati uja ku Zingalume anthu anakunyamulani pamapewa, koma ine mlongo wanu ndinaona zala zanu zikunjenjemera, zikulephera kukunga nsambo mpaka atakupatsani kachasu. Nyimbo iliyonse ankakufupani ndi botolo. Ndinakhala chete, kuopa kudzudzula munthu wotchuka. Suti yomweyo ndi imene tinakuikani nayo m'manda.

Mdzukuluyu ndamuuza zonse, osabisa kanthu. Kuimba aziimba, koma womufupa ndi mowa ayambe wakumana ndi ine. Ulendo uno sindikhalanso chete.