Tsiku Limene Ndinasesera Ditekitivi

Mawu akuti ditekitivi ndinawamva koyamba amuna anga ali chigonere kudimba, titawafunditsa chitenje changa. Inali nyengo yotentha, zaka zochepa titasamuka kum'mawa kubwera ku Kanakantapa. Ananyamuka m'mawa kukathirira ndiwo za repu, ndipo pofika dzuwa la pamutu ndinawapeza pambali pa chitsime, kheni yothirira ili poteropo, mutu utaphwanyidwa kumbuyo.

Mphunzitsi wina amene tinayandikana naye mapuloti anapalasa njinga kukanena ku polisi. Pobwerera anati, "Musanyamule thupi. Kubwela ditekitivi."

Ndinafunsa azimayi amene anandizungulira kuti ameneyo ndani. Wina anati ndi munthu wamkulu wa boma. Wina anati ali ngati ng'anga, amangokuyang'ana m'maso n'kudziwa ngati ndiwe wapha. Ine ndinangomva zoti kukubwera munthu wamkulu.

Tsono ine amayi anandilera ndi tsache. Kwathu mlendo sapeza zinyalala pabwalo, ngakhale m'nyumba muli maliro. Komanso manja anga ankafuna chogwira. Ndinasesa bwalo lonse, ndinalowa kanjira ka kudimba, ndinasesa mpaka pachitsime pomwe. Azimayi ankandiyang'ana ndi chisoni, wina mpaka anandithandiza kuwaza madzi kuti fumbi ligone. Panalibe ndi mmodzi yemwe wondigwira dzanja.

Ndikusesa choncho ndinawaona mapaziwo. Anali a nsapato zija zodula ku tayala, aang'ono, phazi lamanzere lopotokera kunja. Anachokera kumtsinje, anazungulira chitsime, n'kubwereranso kumtsinje motalikitsa ngati munthu wothamanga. Ndinawayang'ana ndithu, ndinadabwa kuti ndi a yani, kenako ndinapititsa tsache.

Munthu wamkulu uja atafika ndinakhumudwa. Anali kamunthu kowonda, kopanda yunifolomu, malaya otuwa pakhosi, cholembera chomangidwa ndi mphira. Anatsagana ndi wapolisi mmodzi. Sanatiyang'ane m'maso n'komwe, maso ake anali pansi. Anayenda kanjira konse ataweramira mizere ya tsache, ndipo atafika pachitsime anakhala pa chidebe n'kugwira kumutu.

"Nindani wapyanga apa?" anafunsa.

"Ndine," ndinayankha, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinayankha monyadira.

"Cifukwa?"

"Tinamva kuti mubwela."

Anachotsa manja kumutu. Kenako anayankhula motsitsa, ngati akuuza mwana wodwala. "Amai, ine sindine ng'anga, siniombeza. Nchito yanga ni kuwelenga vamene munthu asiya kumbuyo. Wakupha sakamba, koma pansi pamakamba. Apa panali mboni imodzi cabe, ndiye mwaipyanga."

Ndinamuuza za mapazi aja. Anandifunsa bwinobwino, kukula kwake, kumene analoza, mpaka anandipatsa kamtengo kuti ndijambule pansi. Zonse analemba m'kabuku. Kenako anazungulira mapuloti kufunsa anthu mmodzimmodzi, ndipo pakamwa pa anthu m'pamene panatuluka mlongo wanga.

Mlongo wangayo anali wonditsatira, tinabwera naye limodzi kuchokera kwathu, ndipo ankagona m'kanyumba kuseri kwa khola. Mtima wake unali wapachala, izo sindingabise. Masiku atatu m'mbuyomo anakangana ndi alamu ake, amuna angawo, chifukwa ng'ombe inathyoka mwendo ili m'manja mwake, ndipo anthu anamumva akukuwa kuti, "Tsiku lina muzaniona." Mawu otere kwathu timawanena ngakhale kwa nkhuku yolowa m'nyumba. Koma tsikulo analinso yekha kuthengo kudula mitengo, popanda womuona, ndipo nkhwangwa yake anali ataitsuka.

Ndinalimbana ndi apolisi pamene ankamutenga. Ndinati mwanayu amavala majombo, phazi lake ndi lalikulu ngati khasu, mapazi ndinaona aja si ake. Wapolisi wa yunifolomu uja anaseka pang'ono, nati, "Mapazi yamene munaona mweka, amai, na kuyafafaniza mweka? Pa mulandu wa mulongo wanu?" Apo m'pamene ndinazindikira kuti ena akuganiza kuti ndinasesa dala.

Mlongo wanga sanalimbane. Anangotembenuka nati, "Ba sisi, mukapatse madzi ng'ombe ija."

Anamusunga m'tauni kudikira mlandu. Ditekitivi uja sanaleke msanga, zimenezo ndimuchitire umboni. Anabweranso kanayi, pa minibasi mpaka pamsewu, kwinako wapansi. Ankakhala pachigayo ndi pamsika tsiku lonse ngati munthu wosowa chochita, kuyang'ana mapazi a anthu odutsa. Anatsata mtsinje mpaka kumidzi ya tsidya. Ulendo wina anabwera ndi nsapato ya tayala m'pepala, koma itakhala pansi ndinaona kuti ndi yaikulu. Ndinalakalaka kunama kuti ndi yomweyo, ndipo iye anaona kuti ndikulakalaka, anaibweza m'pepala.

Inenso ndinasanduka wofufuza wosalembedwa ntchito. Kutchalitchi anthu akatseka maso ine ndinkayang'ana pansi pa mabenchi. Pamaliro, pachitsime, pamzere wa feteleza, ine maso kumapazi. Theka la amuna a kuno linkavala nsapato za matayala. Ndinadana ndi anthu osalakwa chifukwa cha kayendedwe kawo, ndipo mkulu wina wopunduka mwendo ndinasiya kumupatsa moni kwa chaka chathunthu.

Mlandu unkangosunthidwa. Mlongo wanga anayamba kutsokomola m'chaka chachiwiri. Ulendo womaliza umene ndinakamuona anali atatha, makutu okha ali njo. Sanandinenepo za kusesa kuja ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa akadanditukwana.

Uthenga anabweretsa ndi ditekitivi yemweyo, masana, ndikukonola chimanga. Anakana mpando. Anati mlongo wanga wamwalira kuchipatala, ndipo poti woimbidwa mlandu kulibe, mlandu watsekedwa.

"Ndiye kuti apeza kuti sanalakwe?" ndinafunsa.

"Iyai, amai. Kutsekedwa cabe." Anayang'ana kumbali. "Ine n'nakukhulupililani. Koma kukhulupilila kwanga si umboni."

Tinamuika pafupi ndi alamu ake, poti malo ena tinalibe. Achibale a amuna anga sanabwere. Mwana wanga woyamba anali ndi zaka zisanu ndi zinayi nthawi imeneyo, ndipo anakula akumva kusukulu ndi kuchitsime kuti atate ake anaphedwa ndi amalume ake. Ndamuuza za mapazi aja kambirimbiri, amangoti, "Nanvela, amama." Panopa ndi mayi wa ana atatu. Akabwera kudzalambula kumanda amalimira manda a atate ake mpaka m'malire, enawo amawasiya ndi udzu.