Amayi aziziritsa kakompyuta ka achimwene

Mwaswera bwanji nonse. Tamvani za kuno ku Maseya lero.

Achimwene anga a Zuze abwera nako kakompyuta ankanena kaja, kopanda chikuto, kochepa ngati sopo wosambira. Chiyambire m'mawa akhala akuikamo pulogalamu yoti kazigwira ntchito ngati padi, chogwira m'manja chija posewera magemu, poti yawo inathyoka. Anapangana ndi anzawo a kufakitale ya shuga kuti masana ano aswane pa gemu ya mpira, ndipo kudzitama anadzitama kale.

Poyamba akadina kumanja, wosewera amathamangira kumanzere. Atangokonza zimenezo, kanthu kaja katentha ngati mbaula, dzuwa la kuno mukulidziwa. Iwo amvekere, "Aka kakufunika kuziziritsa," n'kupita kukabwereka fani.

Amayi anamva. Mukudziwa mmene amaziziritsira botolo la madzi akumwa? Azula mawaya onse, anyowetsa chitenje, akakulunga bwinobwino, n'kukapachika pa mtengo wa nimu kuti kapitidwe mphepo.

Achimwene pobwera apeza kakudontha madzi. Angokhala pansi, fani ili m'manja.

Amayi monyadira: "Takakhudza, Zuze. Sikanazizire?"

"Kazizira, amayi."

Kuzizira kazizira ndithu, mpaka pano sikakuyaka. Anzawo aja afika, akungoyang'ana kumbali kubisa phwete. Achimwene akanika kuwadandaulira amayi, athokoza n'kuthokoza komwe.

Ndiye abale, awauze ndani? Yankhani msanga, chifukwa amayi akhudza TV, akuti nayonso yatentha, ndipo anyowetsa kale chitenje china.